Sitima Yodutsa M'phiri

Ndinavomera ntchito ya ku Nairobi mwana wanga Tadala asanayambe n'komwe sukulu. Kampaniyo inali yojambula mapulani, ndipo inapatsidwa gawo la ntchito yozunguza mutu. Kudziko lina lozizira la ku Ulaya kuli phiri lolowa m'nyanja ngati chala, ndipo sitima zapamadzi zikamalizungulira zimazunzika ndi mafunde. Ndiye eni dziko anaganiza zoliboola kuti sitimazo zizidutsa mkati. Ine wa ku Dedza, woti nyanja yamchere ndinali ndisanaionepo, kampaniyo inandilemba kuti ndiziwerengera miyala yofunika kuchotsa.

Tadala ndinamusiya ku Chilinde kwa akulu anga, a Esinati. Tsiku lonyamuka mwanayo anandikakamira chitenje.

"Amayi, mubwera liti?"

"Sitima ikangodutsa m'phiri, ndibwera."

Ndinangonena zimenezi pofuna kuti aleke kulira. Sindinadziwe kuti mwana amasunga mawu chonchija.

Ku Ruaka, kunja kwa mzinda wa Nairobi, ndinkakhala m'kachipinda kapamwamba, m'mawa uliwonse kuthinana m'maminibasi omwe kumeneko amati matatu, kupita kukakumba phiri pakompyuta. Ntchitoyo sindinaimvetse mpaka lero. Mwezi uno akuti kulitsani khomo, mwezi wamawa akuti zakwera mtengo, chepetsani. Kenako imani kaye. Kenako yambiraninso. Mnzanga wa ku Kenya ankangondipepesa m'Chiswahili, "Pole, dada," n'kundigawira chapati. Ndalama ndinkatumiza, za fizi ndi za nsapato, osaphonya. Koma Lamlungu likafika ndinkasungulumwa mpaka kulankhula ndekha ngati wamisala.

Pafoni Tadala analibe moni. Ankangoyamba ndi, "Yadutsa?"

"Yatsala pang'ono."

M'kupita kwa zaka analeka kufunsa, ine n'kumati mwana wakula.

Kontrakiti inatha phirilo lisanagumulidwe ngakhale mwala umodzi. Ndinabwerera ndi masutikesi awiri. Pakhomo ndinapeza mtsikana wamtali akuchapa yunifolomu. Anapukuta manja, nagwada bwinobwino monga amachitira kwa mlendo, kenako anakuwira m'nyumba:

"Amayi! Kwabwera amayi aang'ono a ku Kenya!"

Kwathu mng'ono wa mayi ako ndi mayi ako ndithu, palibe chipongwe pamenepo. A Esinati anatuluka akuseka mwamanyazi, amvekere, "Musadandaule, azolowera." Ine sindinadziwe wolakwa ndani. Mtima unandipweteka zedi.

Madzulo ndinamupatsa Tadala diresi lomwe ndinamugulira ku Pangani, ku Nairobi. Linali laling'ono. Analipinda mwaulemu, n'kundiyang'ana.

"Sitima ija inadutsa?"

Ndinafuna kumufotokozera za mitengo ya zinthu, za misonkhano, za mapulani osinthasintha. Pakamwa panangotuluka mawu amodzi.

"Ayi."

 Kenako anafunsa, mopanda mkwiyo uliwonse, mongofuna kudziwa basi:

"Ndiye mubwereranso liti?"