Babu la pabalaza

Bambo anga atatuluka m'chipatala, tinawatengera kwathu ku Katoto kuti apezeko mphamvu asanabwerere kumudzi ku Dedza. Inali nyengo yozizira. Amene anakhalako ku Mzuzu akudziwa kuti nkhungu imatha kubisa dzuwa tsiku lonse, moti pabalaza pathu timayatsa getsi ngakhale masana.

Mwezi womwewo amuna anga anali atangosintha mababu m'nyumba monse. Anachotsa akale achikasu aja n'kuika atsopano osadya magetsi, oyera mbee, owala mopita ku buluu. Ankanyadira ngati agula galimoto. Inenso ndinawakonda, sindinama, makamaka kukhitchini, chifukwa kamwala mumpunga ndinkakaonera patali.

Koma bambo pabalaza sankapafuna. Tikawakhazika pasofa ankangozyolika, chakudya n'kungochilawa, kenako n'kupempha kuti akagone. Adokotala anali atanenetsa kuti mankhwala awo amafuna munthu wodya bwino, ndiye mbale ikabwerera yodzaza mtima wanga unkawawa.

Kenako kunayamba kubwera odzazonda. Amayi a kutchalitchi kwathu sachedwa pa nkhani ya matenda, ndipo sabwera chimanjamanja. Ankalowa ndi nthochi ndi shuga, kuwapatsa moni bambo, kupemphera, uku akuwayang'anitsitsa kumaso. Powaperekeza, mmodzi wachikulire anandikokera pambali.

"Pepani chomene, mama," anatero mosakaniza ndi chilankhulo cha kuno, ponena za bambo. "Adada aja atuwa. Nkhope ija si ya munthu wochira."

Mawu otere sakhala malo amodzi. Sabata isanathe anali atafika ku Dedza, ndipo azakhali anga, alongo awo a bambo, anandiimbira foni.

"Abweretseni kuno achimwene anga," anatero azakhali. "Asatsirizikire m'nyumba ya mkamwini ngati alibe kwawo."

Ndinapsa mtima kwambiri. Kumudzi chipatala chili kutali, ndipo panalibe wowakumbutsa mankhwala. Koma mkazi wokwatiwa kukana azakhali pa nkhani ya mlongo wawo si chinthu chapafupi. Ndinangowapempha kuti andipatseko masiku ochepa.

M'mawa wina dzuwa linatuluka, ndipo ndinawatulutsira bambo mpando pakhonde. Phala anamaliza lonse, n'kupemphanso nthochi. Nkhope yawo inali yomwe ndimaidziwa, yakuda bwino, yowonda chabe. Nkhungu itabwerera tinalowa m'nyumba, ndipo nditangoyatsa getsi munthu yemweyo anaoneka wotuwa ngati wadzola phulusa.

"Bambo, pabalaza pano chimakuvutani n'chiyani?" ndinawafunsa.

Bambo anga ndi munthu wosafuna kudandaula pakhomo pa eni. Koma analoza kudenga.

"Mwana wanga, getsi ili ndi la kuwodi. Ndikakhala pansi pake ndimangodikira anesi kuti abwere ndi jakisoni. Chakudya sichilowa."

Ndinavala juzi n'kupita ku Chibanja, kusitolo ya bambo wina wa ku Mangochi amene amagulitsa za magetsi. Ndinamufunsa ngati mababu akale aja akadalipo.

"Akale anatha, mayi, koma atsopanowa aliponso achikasu, ndipo nawonso sadya magetsi," anatero. "Muziona nambala pakatoni. Ikakhala yaing'ono, kuwala kwake n'kwachikasu, kofatsa. Ikakhala yaikulu, n'koyera. Anthu safunsa, amangoti ndipatseni lowala kwambiri."

Ndinagula awiri, la pabalaza ndi la kuchipinda kwa bambo. Amuna anga anang'ung'udza kuti ndikubweza nyumba m'mbuyo, koma anakwera okha pampando n'kusintha. Oyera aja anatsala kukhitchini ndi kubafa, kumene munthu amafunika kuona dothi, ndipo mpaka lero ali komweko.

Amayi aja atabweranso, wachikulire uja anawayang'ana bambo n'kuwomba m'manja.

"Yewo, Chiuta ngwamkulu. Adada asintha chomene. Mwawapatsa mankhwala anji?"

Ndinangoseka. Ndinadziwa kuti uthenga uwunso ukafika wokha ku Dedza, ndipo unafikadi, moti azakhali sananenenso za ulendo.

Alendo atapita ndinabweretsa mpunga wa nyemba. Bambo anadyera pabalaza pomwepo, osafulumira, mpaka mbale inayera. Atasamba m'manja anatsamira sofa n'kuyang'ana babu lachikasu lija kwa kanthawi.

"Mwana wanga," anatero, "lero ndiye ndatuluka m'chipatala."