Pichesi pa Thebulo la Jenerale Pyo

Bang Mal-sun analowa m'nyumba ya Jenerale Pyo ku Wonju ali mtsikana, ndipo imvi zinamupeza ali m'khitchini momwemo. Ankadziwa mchere umene bwanayo ankafuna mu msuzi wa nsomba, ankadziwanso kulira kwa mbale pakhoma mcherewo ukachepa. Mwamuna wake anamwalira msanga, n'kumusiyira mwana mmodzi, Yong-bok.

Yong-bok atafika msinkhu wopita ku usilikali, Jenerale anamutenga kuti azigwira ntchito pakhomo ngati msilikali wake. Mal-sun anathokoza mpaka kugwada, poyesa kuti mwana wapulumuka. M'nyengo yachisanu chaka chomwecho bwana analakalaka dziwe la nsomba zokongoletsa pabwalo, ndipo Yong-bok ndi anyamata anzake anakumba ataima m'madzi oundana. Yong-bok anadulidwa zala zonse za phazi lamanzere zitafa ndi chisanucho. Nsombazo zinanenepa bwino. Pofuna kumutseka pakamwa, Jenerale anamupatsa ulonda wa pageti ndi kachipinda kuseri kwa nyumba, ndipo anakulira pomwepo mpaka dazi, osakwatira.

Patatha chaka Jenerale atamwalira, banja linamanga chipilala kumanda n'kuitana akuluakulu. Mkazi wa malemu, Mayi Pyo, anatsikira kukhitchini.

"Amake Yong-bok, thebulo la nsembe mukonze ndinu. Malemu sankadya zophika munthu wina. Mwana wanuyonso avale yunifomu, akaime kutsogolo, anthu aone msilikali wovulala amene malemu anamusamala."

"Wovulala kuti, mayi?"

"Pa ntchito ya dziko. Kapena kachipinda kaja kamutopetsa?"

Tsiku la maliro Mal-sun anali atalumbira kuti bwana ameneyu sadzalawanso za m'manja mwake, koma kukana kunali kuponya mwana wolumala mumsewu. Choncho anaphika monga mwa mwambo, mpunga, msuzi ndi nsomba, osaikamo tsabola kapena adyo, pakuti mizimu imathawa zimenezo. Koma chimene imathawa koposa ndi pichesi. Ngakhale khanda limadziwa kuti pamene pali pichesi mzimu sufikapo.

Kumanda, mkulu wina wa nyenyezi pamapewa analankhula mpaka miyendo ya anthu kuchita dzanzi. Akuti Jenerale anali tate wa asilikali, ankagona ndi njala kuti anyamata ake adye. Munthu amene ankabweza nyama poti yazizira ameneyo. Kenako mkuluyo analoza Yong-bok, amene anaima njo mu yunifomu yothina pamimba, nati anavulala kumalire a dziko ndipo Jenerale anamubereka kumsana. Anthu anaomba m'manja, ena mpaka kupukuta misozi. Mal-sun anameza malovu amene anafuna kulavula.

Mwana wamkulu wa malemu anathira mowa m'kapu, naika timitengo todyera pamwamba pa nsomba, onse n'kugwada kawiri. Yong-bok naye anagwada, phazi likumuvuta podzuka. Kenako onse anafulatira thebulo kuti mzimu udye momasuka.

"Mwaphika bwino," Mayi Pyo ananong'oneza. "Lero akhuta."

"Ngati afika adya, mayi."

Itakwana nthawi yogawana za nsembe, Yong-bok anatumidwa kupasula mulu wa maapozi. Atachotsa apamwamba, dzanja lake linaima. Pakati penipeni panali pichesi lakupsa, laubweya wake. Anayang'ana amayi ake, koma iwo ankangopinda nsalu ngati sakudziwa kanthu. Mayi Pyo anali akubwera ndi mbale yoikamo zipatso.

Yong-bok analifumbata pichesilo, natembenukira kumitengo, n'kulidya lonse mofulumira, madzi ake akutsikira pa yunifomu. Njere anaiponya m'thumba.

"Ndiye kuti bwana agona ndi njala lero," anatero chapansipansi atayandikira amayi ake.

Mal-sun anamupukuta chibwano ndi nsalu ija.

"Wadzimvera wekha, mwanangu. Akuti ankakonda kugona ndi njala kuti asilikali adye."