Chotchinga cha madebe chomwe ndinapangira apongozi

Tikukhala ku esiteti ya tiyi kumunsi kwa phiri, m'zaka za m'ma 1950, nyumba yathu inali ya chipinda chimodzi basi. Pogona pomwepo, podyera pomwepo, mvula ikagwa pophikira pomweponso. Ine ndinkagwira ntchito kufakitale, yokhoma mabokosi olongedzamo tiyi, choncho nyundo ndi msomali ndinkazidziwa, kapena nditi ndinkadziyesa katswiri.

Mkazi wanga anali ndi pakati pachiwiri. Mwana woyamba tinamutaya kumudzi kwawo, kufupi ndi Nkando: zinthu zitavuta panalibe galimoto, ndipo khandalo silinalire n'komwe. Ulendo uno ndinalumbira kuti achirira pa esiteti, pomwe panali lole yothamangira ndi odwala kuchipatala cha ku Boma. Koma apongozi anga, mayi ake a mkazi wangayo, anatumiza uthenga woti mwana wawo sangachire iwo palibe, ndipo iwo sangagone chipinda chimodzi ndi mkamwini. Kwathu mkamwini ndi apongozi saonana maso ndi maso, sadyera pamodzi, ndipo mawu amadzera mwa munthu wina. Anati akapeza m'nyumbamo mulibe potchinga, amutenga mwana wawo kupita naye kumudzi.

Ndinapita kwa kapitawo woyang'anira nyumba kukapempha kuti ndimange kakhoma. Anandiyang'ana ngati ndapempha njinga yake.

"Nyumba ya kampani simumanga, simukumba," anatero kapitawoyo. "Ngati mukufuna, pachikani nsalu."

Nsalu! Nsalu zomwe tinali nazo ife, zoti ukaima kuseri kwake munthu amakuwerenga nthiti? Ndinangoti mumtima, chabwino, kupachika ndipachika, koma osati nsalu.

Ndinatola timatabwa ta mabokosi osweka kuseri kwa fakitale, ndi madebe a palafini otha ntchito kusitolo ina ya ku Chinakanaka. Madebewo ndinawang'amba n'kuwasalaza ndi nyundo pamwala. Abale inu, debe ndi chinthu chamwano. Ukaliwongola uku lapindika uko, ukalipsera mtima likucheka. Chipsera cha pachala chachikuluchi n'chochokera kumeneko. Chitsulo chilichonse ndinachikhomera m'felemu yamatabwa, mafelemuwo ndinawalumikiza ndi tizingwe ta waya, kenako n'kupachika chonsecho pamtanda wa denga. Tsiku loyamba waya anaduka, chinagwa n'kuphwanya mtsuko wa mkazi wanga. Tsiku lachiwiri chinapendekeka. Pomwe chinkaima bwino, masabata awiri anali atatha.

Ndikanalekera pomwepo. Koma nditachiyang'ana ndinaona kuti chikungofanana ndi khola la nkhuku, ndipo ndinkafuna apongozi adziwe kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi munthu wamba. Ndinatenga msomali n'kuyamba kuboola timabowo tondondozana, kujambula masamba awiri a tiyi ndi kansonga kake, monga momwe othyola amathyolera. Pachitsulo chilichonse ndinajambulapo. Anzanga oyandikana nawo ankabwera kudzaonera, ine n'kumadzimva.

Mkazi wanga yekha ndiye sanaombe m'manja. "Bambo, mabowowa achulukatu," anatero.

"Inu mayi, zokongoletsa simuzidziwa," ndinamuyankha. "Diso la munthu lingalowe pabowo la msomali?"

Apongozi anafika Loweruka, ine ndinabisala kuseri kwa nyumba mpaka atalowa kumbali yawo, yam'katiyo. Lamlungu m'mawa ndinakhala kumbali yanga, yakukhomo, malaya nditavula, ndikudya chinangwa chophika. Dzuwa linalowa pakhomo n'kundiwalira thupi lonse. Kenako ndinamva kutsokomola kuseri kwa chotchinga, apongozi akulankhula ndi mwana wawo.

"Iwe, uwauze bambo a kuno avale malaya. Uwauzenso kuti chinangwa amayamba achitafuna kaye asanameze."

Chinangwacho chinandiima pakhosi. Masiku onsewo ndinkachiyang'ana chotchinga changa ndili kowala, ndiye sindinkaona kanthu kuseri. Sindinaganizepo kuti munthu wokhala kumdima, akayandikira timabowoto, amaona zonse za kowala, mpaka mchombo.

"Anandiitanira kuti ndidzaonere mimba yawo?" apongozi anapitiriza. "Manga katundu. Mawa tinyamuka."

Ndinatuluka mwaukali. Ndinkafuna kukuwa kuti mwana wanga anafa kumudzi komweko, kuti mchombo wanga sungapose moyo wa munthu. Koma mkamwini alibe pakamwa. Ndinangomenya chibakera mtengo wa papaya, dzanja n'kutupa. Mkazi wanga ananditsatira, misozi ili mbwembwembwe.

"Ine kumudzi ndikuopa," anatero. "Chitanipo kanthu, bambo."

Kutchalitchi sindinapite. Ndinatenga khasu, ndinakakumba dothi pachulu, ndinalikanda ndi madzi. Azimayi awiriwo anakakhala panja atafulatira nyumba, ine ndinayamba kumata bowo lililonse ndi chala, limodzilimodzi, mabowo omwe ndinaboola ndekha ndi manja angawa. Sindinkadziwa kuti ndinaboola ochuluka chonchija. Anzanga omwe ankayamikira aja anabweranso, ulendo uno kudzaseka. Wina anafunsa ngati chiswe chalowa m'chitsulo, ndipo ndikanapanda kukhala ndi matope m'manja ndikanamupatsa khofi. Nditamaliza, mkazi wanga anabwera ndi uthenga wina: kumunsi kuli mpata, mapazi anga akuoneka. Ndinaluma mano n'kusokererapo chiguduli.

Madzulo apongozi anachiyesa chotchingacho. Analowa kumbali yawo, n'kumuuza mwana wawo kuti aime pakhomo azigwedeza mikono. Sanamuone. Anamasula mtolo wawo, osanena zikomo kapena pepani. Masamba anga a tiyi anathera pomwepo, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Patatha masabata atatu, matenda a uchembere anamuyamba mkazi wanga m'mawa, ndipo anavuta ngati poyamba paja. Lole inawatenga onse awiri kupita ku Boma. Ine anandiuza kuti za azimayi sizindikhudza, ndipite kuntchito. Tsiku limenelo ndinapinda misomali yambiri kuposa yomwe ndinakhoma, ndipo palibe anabwera ndi uthenga.

Mawa lake masana nditafika kunyumba, ndinamva munthu akusuntha zinthu kuseri kwa chotchinga. Anali apongozi, atabwerera kudzatenga nsalu ndi ufa. Ndinaima njo. Wotilumikiza panalibe, ndiye ine sindikanafunsa, iwonso sakanandiuza. Ndinaganiza kuti zaipanso.

Kenako ndinamva kugogoda pachitsulo, ngo, ngo.

"Debe iwe," apongozi anatero, "uwauze eni ako kuti ndi wamkazi. Walira. Mayi akenso ali bwino."

Ndinakhala pansi pomwepo. "Debe iwe," ndinayankha, "uwauze kuti ndamva. Zikomo kwambiri."

Apo mpamene ndinayamika kuti mabowo onse ndinamata, chifukwa apongozi sanandione ndikulira.