Chifuwa Chimene Chinabwera Nditasiya Kusuta

Ndinasiya fodya ndi chamba mlungu womwe mkazi wanga anachira mwana wathu woyamba. Mayi ake anabwera kuchokera ku Wenya kudzathandiza, ndipo poti mpongozi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso, mawu awo ankadzera kwa mkazi wanga, ine ndili pomwepo.

"Umuuze mkweni, fungo ilo pa mwana yayi."

Ndinkafuna kunyamula mwana wanga, basi ndinasiya zonse ziwiri tsiku limodzi.

Zimene zinatsatira sindinazimvetse. Zaka zonse ndikusuta sindinkatsokomola, koma nditangosiya chifuwa chinandigwira, makhololo akuda ngati madzi otsukira mpoto. Kukuzizira chonchi kuno ku Chitipa, ine ndinkadzuka malaya atanyowa ndi thukuta. Ntchito yanga ndi ya kabaza, ndipo mtima unkathamanga ndili chikhalire pa njinga yamoto, kudikira makasitomala. Chakudya sichinkalowa, mpaka lamba ndinamuboola bowo lina.

Anzanga pa siteji ankandiseka. "Injiniyo inazolowera mafuta ake. Koka kamodzi uone ngati suchira." Ndinkawakalipira, koma mumtima ndinali ndi mantha kuti mwina akunena zoona. Munthu angadwale bwanji chifukwa chosiya zoipa?

Kunyumba apongozi anamva kutsokomola, anaonanso kuonda. Kapu yanga anaimanga ulusi wofiira, mbale yanga n'kuiika payokha.

"Umuuze mkweni, chikhoso icho ni TB. Mwana asamukhudze."

Ndiye taonani: ndikusuta, mwana ayi, ndasiya, mwana ayinso. Ndinkangomusuzumira ndili pakhomo ngati mlendo. Zinkandipweteka kwambiri, ndipo ndinkakwiyira aliyense, ngakhale nkhuku.

Kuchipatala ndinapita ndi mkazi wanga kuti akadzimvere yekha. Anandiyeza makhololo, TB sanaipeze.

"Mapapo akusesa m'nyumba, bambo," anatero adokotala. "Thukutalo ndi mtimawo, thupi likusakasaka zomwe linazolowera. Zitha, koma zikapitirira mubwerenso."

Ndinavomera ngati ndamva. Mpaka lero sindimvetsa kuti kuchira kungafanane bwanji ndi kufa.

Titafika, mkazi wanga anawafotokozera mayi ake m'Chitumbuka. Apongozi ananyamula khandalo pamiyendo pawo, kupereka kwa mkazi wanga, iye n'kundipatsa ine.

Kanali kopepuka, kofunda, kakuyamwa chibakera. Pomwepo ndinamva chifuwa chikukwera. Ndinadziwa kuti ndikangotsokomola andilanda. Ndinatseka pakamwa, ndinameza malovu, ndinabanika, misozi n'kuyamba kutsika.

"Wona, mkweni wakulira," apongozi anamuuza mkazi wanga, mawu awo atafewa.

Sindinawatsutse. Inenso sindinkadziwa ngati chikundiliza ndi chifuwa kapena mwanayo, ndiye ndinangomukumbatira, osapuma.