Moni wa kwa Naphiri

A Lawford ndinawadziwira pa makadi a moni. Nthawi imeneyo ndinali muulutsi pa kawailesi kathu ka Mlatho, m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya nsalu ku Area 2. Otsatsa malonda sankatiyang'ana n'komwe. Tinkadalira omvera: munthu ankagula khadi, kulembapo moni ndi nyimbo yomwe akufuna, ine n'kuwerenga Loweruka masana. Lendi ndi magetsi zinkachokera pamenepo.

Iwo ankasamalira maluwa kunyumba ya bwana wina ku Area 10. Lachisanu lililonse akaweruka ankapalasa njinga mpaka ku Old Town, thalauza atalipisira m'masokosi, n'kundipatsa khadi ndi manja awiri. Mawu sankasintha: "Moni kwa Naphiri kumudzi. Ine ndili bwino. Mbuzi zisalowe m'dimba." Nyimbonso inali yomweyomweyo ya banjo, mpaka kaseti yake inasasa mawu.

Tsiku lina ndinawaseka. "Bambo, foni mulibe kodi?"

"Ilipo, mayi. Koma moni wa pafoni amamva ndi munthu mmodzi. Wa pa wailesi mudzi wonse umakhala mboni kuti sindinawataye."

Zaka khumi ndi ziwiri zinatha choncho. Kenako mawailesi amalonda anachuluka, ndi mipikisano yawo ya mayunitsi ndi nyimbo zogunda mutu, omvera n'kuyamba kutithawa. Komiti inatibweretsera bwana watsopano, a Clive, munthu womanga tayi ngakhale dzuwa la Okutobala. Anati kuti tipikisane nawo tiyenera kuwadziwa omvera athu, choncho khadi lililonse likhale ndi dzina lonse la wolandira moni ndi nambala yake, apo ayi lisawerengedwe. Nzeru zake zinali zomveka ndithu, kungoti munthuyo anakulira m'nyumba za mpanda m'tauni, kutali ndi miyambo ya kumudzi.

A Lawford atamva lamuloli anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Ndilembe dzina la akazi anga? Limveke pa wailesi, ana amve, apongozi amve?"

Kwathu kuno mwamuna wolongosoka satchula mkazi wake dzina la paubwana. Amamuitana ndi mfunda wake, Naphiri, Nabanda, basi. "Chikwatirireni sindinalitchulepo," anatero. Khadi analisiya patebulo mmene linalili. Ine, poopa kutha kwa ntchito, sindinaliwerenge, ndipo la sabata yotsatira ndinalibisanso m'dirowa. Mpaka lero zimandichititsa manyazi.

Lolemba lake m'mawa ndinapeza amayi asanu atakhala pa benchi kunja kwa ofesi. Wina wogulitsa tomato mumsika waukulu, wina wosesa ku Capital Hill ali ndi yunifolomu yake, awiri a ku Area 4, ndi wachikulire wina wa fumbi m'mapazi, yemwe anali atangotsika basi yochokera kwa Kabudula. A Clive anatuluka n'kufunsa mayina. Onse asanu anali a Naphiri.

"Ndiye mwini wake wa moni uja ndi uti?"

Wachikulire uja anakweza dzanja pang'ono. "Ndine, bwana. Pafoni andiuza kuti ali bwino. Koma kuchitsime ayamba kunena kuti abambo apeza wina m'tauni. Ndiwayankhe bwanji wailesi ili chete?"

"Nanga enanu mwadzatani?"

Anayang'anizana. Anayankha ndi wa tomato, maso ali pansi.

"Tikudziwa kuti si ife, bwana. Koma ine amuna anga anamwalira kalekale. Ana amangoti amayi, kumsika amangoti a tomato. Wonditchula kuti Naphiri anatsala ndi wailesi yanuyi. Makadi ndimagula chifukwa cha zimenezo."

A Clive anamasula tayi, n'kubwerera mu ofesi. Lamulo lija linafera pomwepo. Loweruka ndinawerenga makadi onse awiri motsatizana, ndi mbuzi zomwe n'kuzitchula kawiri.

Sitinapambane mpikisano ayi. Patatha zaka zitatu wailesi inatsekedwa, ndipo m'chipinda muja lero amakonzeramo mafoni. A Lawford anapuma ntchito, ali kwa Kabudula, moni amapatsana pakhonde ndi akazi awo, omwe dzina lawo sindikulidziwa mpaka pano.

Amene sandichoka m'mutu ndi mayi wa tomato uja. Ndikapita kumsika ndimazungulira dala kuti ndidutse pa benchi lake, ngakhale tomato ndili naye kunyumba.

"Mwaswera bwanji, Naphiri?"

Amatembenuka msanga, kasitomala n'kumusiya ali chiimire.