Lole ya Mawaya ya Amuna Anga

Amuna anga ndinawaona koyamba akuyendetsa galimoto ya mawaya mumsewu wopita ku Malindi, munthu wa ndevu zake, malaya atapisira bwinobwino. Ndinkayesa akukapatsa mwana. Ayi ndithu, inali yawo. Anali mmodzi wa anthu othawa nkhondo omwe anadzaza midzi yathu zaka zimenezo, ochokera ku Mozambique kudzera ku Chiponde. Kwawoko anali dalaivala wa lole yonyamula thonje, ndipo loleyo inawotchedwa pamsewu iwo atathawira kutchire. Ya mawayayi anaipanga mofanana ndi imeneyo: matayala asanu ndi limodzi a zivindikiro za polishi wa nsapato, chitseko chotseguka, ndi chiwongolero chachitali chowafika m'chiuno.

Tinakwatirana, iwo n'kudzakhala kwathu monga mkamwini. Ntchito ankagwira, pamenepo sindingawanamizire. M'mawa ankakoka nawo khoka kunyanja, ine n'kumayanika usipa pathandala. Koma akangoweruka, basi atenga lole yawo, ulendo wa kumsika, pakamwa akuliza injini, magiya akusintha pokwera chitunda. Akafika pamchenga wambiri ankayamba abwerera m'mbuyo kaye, ngati katundu walemera. Kulira kwa zivindikirozo, kwe kwe kwe, ndinkakumva akadali kutali, ndipo ndinkadziwa kuti nthawi yoteleka madzi osamba yakwana.

Ine zinkandichititsa manyazi. Amayi anzanga akutchalitchi ankandifunsa ngati dalaivala wanga angawatengeko popita ku Mangochi. Mayi anga ondibereka, omwe pakamwa pawo sipankachedwa, anandiuza kuti, "Iwe, akamwiniwa tikawalembetse sitandade wani, mwina kumeneko akapeza anzawo." Ndinaseka nawo, koma mumtima munandiwawa.

Tsiku lina mwera unagwetsa thandala langa, usipa wonse mumchenga. Luzi ndinalibe, amuna anga anali kunyanja, ndipo lole inali pakhonde, mwala atautsamiritsa kutayala monga ankachitira nthawi zonse. Ndinaitenga, ndinaiphwasula, mawaya ake n'kumangira thandala. Ndisaname, luzi ndikanalipeza kwa anzanga oyandikana nawo. Ndinkangofuna chidolecho chichoke pakhomo panga.

Atabwera anayang'ana pakhonde, anayang'ana thandala, kenako anatola zivindikiro ziwiri zomwe zinagwera pansi n'kuika m'thumba. Sanandikalipire, bola akanatero. Anangoti, "Mwamanga zolimba, mayi a mwana." Kuyambira pamenepo akaweruka ankangokhala pansi pa mtengo wa mango, maso ali kumapiri a kum'mawa komwe kuli kwawo.

Nthawi imeneyo nkhondo inali itangotha, ndipo kunamveka kuti kubwera malole odzatenga ofuna kubwerera. Mayina ankalembedwa pabwalo la sukulu. Anzawo ambiri analembetsa, ena okonzeka kusiya akazi ndi ana kuno, poti mkamwini alibe munda wakewake woti angaudandaule. Ine ndinali ndi khanda kumsana. Nditawafunsa ngati nawonso alembetsa, anati, "Kaya, tiona." Mantha anandigwira.

Ndiye ndinayamba kusaka mawaya, ine mayi wamkulu ndi chitenje changa. Ena ndinakatola kuseri kwa chigayo, ena ndinakapempha kwa wokonza njinga, yemwe anandifunsa ngati ndayamba kutchera misampha. Zivindikiro ndinakapempha kwa aphunzitsi, poti kwathuko ndi iwo okha omwe ankapolisha nsapato. Zonsezi ndinaziika pamphasa pomwe amuna anga ankakhala, osanena kanthu. Kupepesa ndi pakamwa kumandikanika ine, ndi khalidwe langa loipa mpaka lero.

Anatha masiku atatu osazikhudza. Tsiku lachinayi ndinawapeza akuwongola waya ndi mwala. Lole inatuluka yatsopano, yokulirapo kuposa ija, koma za ulendo sananenebe kanthu. Ine m'malo mosangalala ndinkaganiza kuti mwina akupangira mwana, kuti akadzakula azidzawakumbukira nayo.

M'mawa wa tsiku lonyamuka anavala malaya awo abwino, anapisira, anatenga lole n'kulowera kusukulu komwe malole enieni ankadikira. Chikwama sanatenge, koma zimenezo sizinandilimbitse mtima, chifukwa anthu amenewa pobwera anabweranso chimanjamanja. Sindinawatsatire. Ndinatsala pathandala, kutembenuza usipa womwe ndinali nditautembenuza kale. Ndinamva mahutala a malole akulira, anthu akuimba, kenako kunangoti zii.

Dzuwa lili pamutu ndinamva kwe kwe kwe kuchokera kuchitunda, injini ya pakamwa ikusintha giya. Analowa pabwalo, anabwerera m'mbuyo kawiri kuti aimike bwino, n'kutsamiritsa mwala kutayala. Kumbuyo kwa lole anali atakweza tomato atatu ndi kathumba ka mchere.

"Mayi a mwana," anatero, "tsitsani katundu, dalaivala watopa."

Ndinagwada, ndinatsitsa katunduyo ndi manja awiri, amayi anga akuonerera ali pakhonde pawo. Kenako ndinapita kukateleka madzi osamba, ndipo kumeneko n'komwe ndinakalirira.