Khadi Lachitatu

Dandaulo langa loyamba ndinalipereka Lolemba lachiwiri la mwezi wa Seputembala chaka chatha, pa foni, nthawi itangopitirira naini koloko m'mawa. Lachinayi la sabata yomweyo ndinalemba kalata, ndipo kapepala ka ku positi kosonyeza kuti inalandiridwa ndili nako. Kalata yachiwiri inapita mu Novembala, yachitatu Khirisimasi itangodutsa. Zonsezi zili mu fayilo yobiriwira pamwamba pa kabati kunyumba kwathu ku Ilford. Ana anga amandiseka kuti ndimasunga ngakhale tikiti ya basi. Aseke. Ine ndinachoka kwathu m'masiku amene munthu ankatha kusowa, akuluakulu n'kunena kuti sanamuonepo, ndipo kuyambira pamenepo sinditaya pepala.

Ulendo umene unabala dandauloli anatigulira mwana wathu wamkazi, amayi ake atapuma pa ntchito. Akazi anga anagwira zaka zambiri m'nyumba yosamalira okalamba, ndipo anali asanapiteko ku tchuthi kopanda chikwama cha mankhwala a munthu wina. Inali sitima yapamadzi yaing'ono yokhala ndi zipinda zogona. Inkanyamuka ku Greenwich Lachisanu masana, kutsika ndi Thames mpaka kumene mtsinjewo umayasama n'kusanduka nyanja, kugona komweko itaponya nangula, n'kubwerera Loweruka m'mawa.

Pokwera, aliyense ankapatsidwa khadi lapulasitiki lolembedwa dzina lake. Wantchito wa pakhomo ankaligunditsa pa kamakina, kamakinako n'kulira, ndiye kuti sitima yakuwerenga kuti walowa. Potsika chimodzimodzi. Khadi lomwelo ndi limene linkatsegulanso chitseko cha chipinda chogona. Akazi anga anaika langa ndi lawo m'kachikwama kovala m'khosi kamene ankasungiramo chiphaso cha kuntchito.

Tili pamwamba pa sitima, tikukangana za jekete limene ndinakana kuvala, tinamva mawu kumbuyo kwathu.

"Imwe, ndimwe a ku Malawi?"

Anali bambo wokalamba kundiposa ine mwina ndi zaka khumi, wamtali, atavala jasi lakuda, tayi ndi chipewa. Analibe chikwama. Anati kwawo n'ku Chipata.

"A ku Chipata ndinu Amalawi amene munasochera," ndinatero.

"Iyayi, munasochera ndimwe. Ise tinakhala pamene Mulungu anatisiya."

Tinaseka, n'kumusendera pa benchi. Dzanja lake lamanja linkanjenjemera osaleka. Khadi lake linamupulumuka kawiri, ndipo kachiwiriko linatsetsereka mpaka m'mphepete, pang'ono kugwera m'madzi. Akazi anga analitola n'kumubwezera.

"Bambo, bweretsani ndikusungireni," anatero. "Mukalifuna mungondiuza."

"Sungani, amayi. Manja aya anataya kale makiyi awiri."

Akazi anga analilandira ndi manja awiri, bondo litapinda pang'ono, n'kuliika m'kachikwama muja. Kwathu wamkulu sanyamula kanthu wamng'ono ali pomwepo. Ndiponso kuntchito kwawo akazi anga ankasunga magalasi, makiyi ngakhale mano ochita kuikirira a anthu okalamba tsiku ndi tsiku, moti dzanja linkangopita lokha. Ine ndinaona, ndipo ndinanyadira. Ndikulemba zimenezi kuti wina asaganize kuti ndikuwakankhira okha mlanduwu.

Kapepala kotsatsira ulendowo, kamene ndili nako, kamanena kuti malowo ndi okongola. Ine ndinaona matope akuda mbali zonse ziwiri, kenako mtunda unayamba kutithawa mpaka unatsala ngati kamzere ka pensulo. Madzi anali otuwa, osaoneka pansi. Tinadutsa nyumba zachitsulo zadzimbiri zoimirira pa miyendo italiitali m'kati mwa nyanja, zotsala za nthawi ya nkhondo, mawindo ake ali pululu. Dzuwa litalowa, makina opukusa magetsi ndi mphepo anayatsa nyali zofiira, zonse kuphethira nthawi imodzi. Anthu ankajambula ndi mafoni. Bambo uja sanajambule. Ankangoyang'ana madzi, dzanja likugogoda thabwa la benchi.

Chakudya chamadzulo tinadyera tebulo limodzi. Anamwa masupuni awiri a supu n'kukankhira mbale kutsogolo. Anatiuza kuti amakhala yekha ku Peckham, mkazi wake anamwalira, ana ali kutali. Woperekera zakudya atabwera, anamufunsa nthawi imene madzi amatembenuka n'kuyamba kubwerera kunyanja yaikulu. Woperekerayo sankadziwa. Anamufunsanso atabwera ndi tiyi.

Titamaliza anaimirira, anavula chipewa, anagwira dzanja langa ndi manja ake onse awiri kwa nthawi yaitali.

"Mwanichita bwino, imwe. Mukafike bwino ku Ilford."

"Ku Ilford n'kwa mawa, achikulire," ndinatero. "Tionana pa tiyi."

Anangovala chipewa. Masitepe opita ku zipinda zogona anali otsika, koma iye anakwera opita pamwamba. Akazi anga anali atayamba kumva mseru chifukwa cha kugwedezeka kwa sitima, choncho ndinawaperekeza kuchipinda. Za khadi palibe anakumbukira.

M'mawa kunacha ndi nkhungu yoti sungaone kutsogolo kwa sitima. Lipenga linkalira pafupipafupi. Pa tebulo pathu mpando wake unali wopanda munthu, kapu yake ili chovundikira.

"Achikulire aja agonereza," anatero akazi anga.

Ndinafunsa woperekera zakudya, iye anati okalamba ambiri amamwera tiyi kuchipinda. Ndinakhutira, ndipo kukhutira kumeneko kumandiluma mpaka lero.

Tinafika ku Greenwich mvula ikugwa. Pakhomo potsikira panali kukankhana, maambulera akutsegulidwa pamaso pa anthu. Ine ndinanyamula chikwama chathu. Akazi anga anapereka kachikwama ka m'khosi kwa wantchito wa pakhomo, iye anasolola makadi n'kuwagunditsa limodzi limodzi osakweza maso. Kamakina kanalira katatu. Ndinamva ndi makutu anga, koma ndinayesa kuti kulira kwachitatuko n'kwa munthu wa kumbuyo kwathu. Tinaima kanthawi pa doko kuti titsanzikane ndi bambo uja, poti munthu amene wadya naye sumusiya chinunu. Anthu anatha kutsika. Tinati mwina anatsogola, n'kupita kukakwera sitima ya pamtunda ya DLR.

Lamulungu madzulo, titabwerako ku tchalitchi, ndinakhala pa tebulo kuti ndisanje mapepala a ulendo monga ndimachitira. Ndinakhuthula kachikwama kaja. Panagwa makadi atatu.

Akazi anga anayang'ana, kenako anakhala pansi, pa kapeti penipeni, miyendo atatambasula ngati ali pa maliro.

"Abambo," anatero, "nanga achikulire aja anagona kuti?"

Funso limenelo ndi limene ndinapita nalo pa foni Lolemba lija. Mtsikana wa ku kampani ya sitimayo anandiyankha mwaulemu kuti kompyuta ikusonyeza kuti onse amene anakwera anatsika. Ndinamuuza kuti zimenezo ndikuzidziwa, ndipo ndikudziwanso amene anamutsitsa bamboyo mu kompyutamo, poti ndimagona naye nyumba imodzi. Anati alemba. Mayankho a makalata anga atatu ali ndi chiganizo chomwecho, osasintha ngakhale liwu limodzi: onse amene anakwera anatsika. Ndinawatumizira chithunzi cha khadilo, kutsogolo ndi kumbuyo. Anandithokoza chifukwa chosankha kuyenda nawo, n'kuikamo kapepala kondiitanira ulendo wina. Nakonso ndasunga.

Kupolisi ndinapita. Anandilandira bwino, analemba, anati palibe wabwera kudzanena kuti m'bale wake wa dzina limenelo wasowa. Munthu wokhala yekha, ana ali kutali, angamunenere ndani? Masabata angapo ndinakwera basi kupita ku Peckham, kumaima pa makomo a matchalitchi anthu akamatuluka, n'kumafunsa za bambo wamtali wa ku Chipata wonjenjemera dzanja. Mayi wina anati akumudziwa, koma titakambirana zinapezeka kuti akunena wina amene anaikidwa kale.

Mwana wathu amati ndizisiye. Ndimamulankhula m'Chichewa, iye amayankha m'Chingerezi, kuti mwina bamboyo anapita ku ofesi ya m'sitima n'kupatsidwa khadi lina, anagona bwinobwino, anatsika pamene ife tinkalimbana ndi ambulera. Zikhoza kutheka. Ndimapemphera kuti zikhale choncho. Koma ngati anapatsidwa khadi lina, penapake pali pamene zinalembedwa, ndipo kundionetsa sikungatenge tsiku.

Amene sangadikire ndi akazi anga. Mwezi watha ku tchalitchi gogo wina anawapatsira chikwama kuti amugwirire pamene ankakwera masitepe. Akazi anga anabweza manja onse awiri kumbuyo. Gogoyo anadabwa, ineyo ndinachita kulandira. Munthu amene wasamalira okalamba moyo wake wonse tsopano akuopa kugwira ndodo ya nkhalamba. Kukagwa nkhungu m'mawa sayandikira windo.

Khadilo lili mu envulopu yoyera, kutsogolo kwa fayilo. Dzina lake sindilemba pano, poti mwini wake sanandilole.

Kotero, kwa oyang'anira kampani ya sitimayo, amene alandirenso zimene ndalembazi pa positi, ndikupempha mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo: mundiyankhe molemba, ndi siginecha ya munthu amene angafunsidwe, ngati chitseko cha chipinda cha bamboyo chinatsegulidwa usiku umenewo, ndi khadi liti, ndiponso ngati alipo wantchito wanu amene anamuona ndi maso akuponda doko la Greenwich. Musandiuzenso za kompyuta. Ngati ali moyo, mumuuze kuti amayi amene anamusungira khadi akufuna kumubwezera ndi manja awo. Ndikuyembekezera yankho lanu.